Madontho Ofiira a Fathiya

Fathiya anakulira m'sitolo ya bambo ake, a Sulemani, ogulitsa zitenje pa Chiringa. Atamaliza maphunziro a makompyuta ku Blantyre, aliyense ankati akhazikika m'tauni. Koma matope a namondwe Freddy atakokolola azakhali ake ku Nkhulambe, anabwerera kwawo n'kulemba pulogalamu yotumiza mauthenga a pafoni ochenjeza anthu mtsinje ukayamba kudzaza.

Tsiku lina masana, mvula itagwa chigwere kuyambira dzulo lake, foni inalira. Anali a Dyson, mlimi wa nandolo amene ankawerenga mtengo woyezera madzi kumtsinje.

"Madzi apitirira pamzere wangozi paja, ndipo muyeso ndakutumizirani kalekale," anatero. "Koma kuno palibe walandira uthenga."

"Musadule, bambo, ndione."

Magetsi anali atathima, batire ya laputopu ili pafupi kutha. Fathiya anatsegula pulogalamuyo n'kuika kadontho kofiira pambali pa mzere wotumiza mauthenga. Kadontho kotere kamaimitsa pulogalamu ikafika pamenepo, kuti munthu aone chavuta n'chiyani. Anaiyendetsa, ndipo inangodutsa osaima. Anaika kena chapamwamba, kenanso pamzere woyamba weniweni, woti pulogalamu singaulumphe. Sinaimebe.

"Anthu a kumunsi akadali m'nyumba," anatero a Dyson, mawu awo akumira m'mkokomo wa madzi.

"Thamangani mukawauze pakamwa. Ine musandidikire."

Anasendeza nkhope pafupi ndi galasi la laputopu. Madontho aja, pulogalamu ikangoyamba, ankatuwa n'kutsala mphako pakati. Ndiye kuti fayilo imene ankaiyang'ana sinali imene inkayenda. Apo anakumbuka: sabata yathayo anakopera ntchito yonse mu foda yatsopano, koma makina ankatengabe ku yakale.

Anatsegula yakaleyo, n'kuikamo kadontho. Pulogalamu inaima, ndipo vuto linaonekera poyera. A Dyson anali atalemba mawu akuti "mamita" kutsogolo kwa nambala, pulogalamu, yomwe inkayembekezera nambala yokha, n'kutaya uthenga wawo wonse mwakachetechete. Anakonza mzere wowerenga muyesowo, natumiza chenjezo. Laputopu inazima asanaone ngati mauthenga onse apita.

Anakhala pakhonde foni ili m'manja mpaka a Dyson ataimbanso, ali wefuwefu. Madzi anali atalowa m'nyumba za kumunsi n'kutenga mbuzi ndi minda ya chinangwa, koma anthu onse anali kumtunda, m'makalasi a pasukulu. Ena anathawa atamva kukuwa kwa a Dyson, ena atawerenga pafoni.

Kutacha, Fathiya anakwera kabaza kulowera kumudzi kwa a Dyson, mpaka pamene msewu unadukira. Potsalapo anayenda pansi, fosholo ili paphewa.