A Tembo ndi kanyali kamene anakanyoza

Lolemba lapitali ndinakhala pa benchi ngati mwana wa giredi yoyamba, ine amene ndaphunzitsa masamu kuno ku Jumbe mpaka imvi kumera. Tinasonkhana pakhonde la kiliniki yathu, aphunzitsi, anesi ndi maofesala ochepa, aliyense atapatsidwa kabolodi kokwana m'dzanja.

Wotiphunzitsa anali Mayi Chulu, amene amakonza magetsi a sola m'makampu a alendo ku Nkwali. Anatifotokozera kuti pakabolodipo pali kachipu, kakompyuta kochepa ngati chikhadabo. Kalibe galasi loonerapo, kalibe mabatani. Malangizo umalemba pa laputopu, n'kuwatumiza m'kachipumo kudzera pa waya, ndipo iko kamangowabwereza mpaka magetsi atazima.

Cholinga chinali chimodzi. Pofika Lachisanu, kachipu kazidziyatsira pampu ya pakiliniki madzi akachepa m'thanki, n'kuizimitsa thankiyo ikadzaza. Anesi atopa n'kusiya odwala kuti akaone ngati madzi alimo.

Phunziro loyamba? Kuuza kanyali kofiira kuti kaziyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima. Basi.

A Tembo, ofesala amene anatumizidwa kuno chaka chatha, anavula magalasi n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Madamu, ine ndatseka ofesi kuti ndidzaonerere kanyali kakuphethira? Izi n'za ana. Tipatseni za pampu."

"A Tembo," anatero Mayi Chulu osakweza mawu, "kanyali kakakumverani, pampu idzakumverani. Kakakana, pampu musaiyandikire."

Ndivomere, mumtima ndinali mbali ya a Tembo. Ndinalemba mizere yanga inayi mothamanga, n'kutumiza. Kanyali kanayaka, koma osaphethira. Ndinagwedeza waya, ndinapukuta kabolodi ndi malaya, ndinanena kuti andipatsa kakufa.

Mayi Chulu anasuzumira pa laputopu. "Aphunzitsi, pouza kachipu nthawi yodikira mwalemba nambala wanu. Wanu chiyani? Iko sikawerenga masekondi. Kamagawa sekondi imodzi m'tizigawo wanu sauzande. Nyali yanu ikuphethira ndithu, koma mofulumira moti diso silikuona."

Mphunzitsi wa masamu, kugwa pa nambala wanu! Ndinakonza, ndinatumizanso, ndipo kanyali kanayamba kuphethira pang'onopang'ono. Ndinadzimva ndikuwomba m'manja ndekha.

Ndipamene ndinazindikira khalidwe la kanthu kameneka. Sikaganizira zimene umafuna kunena. Kamachita zimene wanena. Sikadziwa kuti ndiwe bwana, sikaopa taye, sikamva Chizungu cha m'mphuno.

Lachiwiri tinaphunzira timiyendo ta kachipu. Kamwendo kalikonse kali ndi nambala yake. Kena umakauza kuti kazimvera, monga kumvera kachipangizo koyandama m'thanki konena kuti madzi adzaza. Kena umakauza kuti kazilamula, monga kuyatsa pampu. Ukasokoneza manambala, kachipu kamatchera khutu pamene palibe wolankhula.

Sisita Mwanza, nesi wamkulu wa pakilinikipo, anajambula timiyendo tonse m'kope lake. Funso limodzi analifunsa katatu. A Tembo anali pambali, maso pa foni, akuseka cha m'kamwa.

"Sisita, mukudzivutitsiranji? Zonsezi zili pa intaneti, zolembalemba kale. Ine ndapeza pulogalamu yonse ya pampu."

"Mwaiwerenga, abwana?" anafunsa sisitayo.

"Kuwerenga kwa chiyani? Anailemba ndi akatswiri."

Lachitatu, ife tili pa chakudya chamasana, a Tembo anatumiza pulogalamu yawo ija m'kabolodi, n'kukalumikiza pa bokosi la pampu. Ankafuna kuti tikabwera tipeze ntchito ya sabata yonse atamaliza okha. Pampu inayaka. Anabwera akupukuta manja, chifuwa patsogolo, osauza munthu.

Cha m'ma fifitini awazi, mayi wina wodikira pasikelo anakuwa kuti madzi akulowa pakhonde la amayi oyembekezera. Tinathamangira kuseri. Thanki inali itasefukira kalekale, matope ali nyafunyafu mpaka pachipata, ndipo pampu inali itayamba kulira mawu achilendo. M'chilimwe chino madzi apansi ndi ochepa. Inali itawatha, ikukoka mpweya.

Sisita Mwanza sanafunse munthu. Anaponda m'matope ndi nsapato zake zoyera n'kuzimitsa swichi yaikulu.

Mayi Chulu anagwira pampu, n'kubweza dzanja msanga. Anati ikanapitiriza kulira pang'ono chabe ikanapsa. Kenaka anatsegula pulogalamu ya a Tembo. Asanalankhule, sisita uja analoza ndi chala.

"Apa. Kachipu kakumvera kamwendo nambala seveni. Ife waya wa thanki tinaika pa nambala thuu."

Kachipu kanadikira mokhulupirika kuti nambala seveni inene kuti thanki yadzaza. Pa seveni panalibe chilichonse.

Mukuganiza kuti a Tembo anapepesa? Anati mabolodi amene timalandira kuno kumudzi ndi a feki.

Owerenga anga, musaseke a Tembo okha. Matenda awo ndi a tonsefe ovala nsapato zopolisha. Timakonda mapeto a chinthu, chiyambi chake timachiona ngati chotichotsera ulemu. Tikufuna kuyendetsa pampu tisanayatse nyali. Kufunsa katatu timati n'kupusa, koma kusefukitsa thanki ndi nkhope yolimba timati ndi utsogoleri.

Si zalero. Malemu atate anga ankasimba za zaka zija ufulu utangobwera, pamene injini zoyamba zopopa madzi zinafika m'chigwa muno. Ankati pa tsiku lotsegulira, ovala majekete ankadzaza kutsogolo. Injini ikafa, onse ankazimiririka, n'kutsala munthu mmodzi wa girisi m'zikhadabo amene dzina lake silinatchulidwe pamsonkhano. Lero girisi wasanduka mizere ya pa laputopu, koma majekete ndi omwewo.

Ndipo taganizani chimene chinali pangozi. Pampu ija ikanapsa, a Tembo akanabwerera ku ofesi yawo kumene madzi amabwera m'mabotolo. Amene akananyamula zidebe kupita kumtsinje, kumene ng'ona ndi njovu sizifunsa udindo wa munthu, ndi achibale a odwala. Mayi wobereka akanasambitsidwa ndi madzi oyezera pa kapu. Kunyada kwa munthu mmodzi kumamvetsa ena ludzu.

Lachinayi lonse Sisita Mwanza analemba pulogalamu yake mzere ndi mzere. Ndi yaifupi, yopanda zokometsera. Anaiyesa kaye pa kanyali, akukweza ndi kutsitsa choyandama chija m'chidebe, mpaka Mayi Chulu atavomera. Anawonjezeranso lamulo lake lake, lakuti pampu ikayenda nthawi yaitali thanki osadzaza, izime yokha. Anati zimenezo waphunzira kwa a Tembo.

Lachisanu kunabwera masatifiketi. Woyamba pamzere simufunika kuuzidwa. Anaima pakati pa chithunzi, pepala pachifuwa, mano onse panja, ndipo ndinawamva akuuza mnzawo kuti tsopano akhoza kukaphunzitsa ena ku Kawaza.

Sisita Mwanza pachithunzipo palibe. Pamene ankajambula, iye anali pamakwerero a thanki, akudikira kuona ngati pampu izima yokha. Inazima.

Chithunzicho chipachikidwa mu ofesi ina sabata yamawa. Tsiku limene kudzafunike munthu woika kachipu pa filiji ya katemera wa ana athu, wosankhayo adzakwera makwerero a thanki kukafunsa, kapena adzangoyang'ana pakhoma?