Ndinkachonga Mabokosi Onse

Chaka chimene anandipanga opaleshoni ya bondo ndi chomwenso anandipeza ndi BP. Ndinatuluka m'chipatala ndi ndodo ziwiri komanso jumbo ya mankhwala: opha ululu, a BP, mafuta opaka pachilonda, ndi timasacheti ta ufa wosungunula m'madzi, chifukwa mapiritsi opha ululu aja amamanga m'mimba ngati simenti. Bondo linachira patatha miyezi itatu, m'mimba munamasuka kale lomwe, koma mayina a mankhwala onsewo anatsalira pa kapepala ka kwa GP, dokotala wa m'dera lathu la Maryhill, kuno kwa azungu.

Kapepalako kamabwera limodzi ndi mankhwala. Kali ndi mndandanda, dzina lililonse ndi kabokosi kake pambali. Mankhwala akatsala pang'ono kutha umachonga amene ukuwafuna, n'kukaponya kapepalako m'bokosi la pakhomo pa GP, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu umakatenga ku famase. Sulipira kanthu. Mayi wa pa risepushoni anandifotokozera zimenezi mothamanga, m'Chingerezi cha kuno chimene mpaka lero ndimachimva theka. Ine ndinamva zoti ndizichonga. Mawu akuti "okhawo amene mukuwafuna" anandidutsa, kapena ndinene zoona, ndinawapatsa njira.

Ndinakulira kumene munthu unkaima pamzere wa mankhwala kuyambira m'mamawa, n'kufika pawindo dzuwa lili pamutu, n'kuuzidwa kuti awa atha, mukagule. Munthu wotero mukamupatsa bolopeni ndi mabokosi anayi, musadabwe ndi zimene achite. Ndinkachonga onse, mwezi ndi mwezi. Ndinkaopanso kuti bokosi losachongedwa azungu alifufuta, tsiku lina n'kudzalifuna.

Mankhwalawo ndinkawasunga m'sutikesi yaikulu pamwamba pa wadirobu. Zinayenda bwino zaka ziwiri, mpaka mayi wina wa kutchalitchi kwathu atabwereka sutikesi yopitira kumudzi. Mkazi wanga anakwera pampando kuti aitsitse, n'kupeza ikulemera ngati muli mtembo. Ndikuchokera kuntchito ndinamupeza atakhala pabedi, mabokosi ali mbwee pansi ponse. Mkazi wangayo amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndiye mankhwala amawadziwa kuposa mayina a abale anga.

"Abambo, mwatsegula liti chipatala?"

"Ndi zosunga chabe zimenezo."

"Zosungira ndani? Mkulu wa mpingo wathunthu, kubisa masacheti pamwamba pa wadirobu! Bola akanakhala a kachasu, bwenzi ndikudziwa chokauza abusa."

Ndinamuuza kuti za mawa sizidziwika. Iye anati zimene zikudziwika ndi zakuti m'nyumba muno muli mankhwala okwana kutsegula m'mimba Maryhill yense mpaka ku Easterhouse.

Sabata yomweyo ndinachonganso monga mwa masiku onse, chifukwa chizolowezi sichimva kukalipiridwa. Koma nditapita ku famase, mtsikana wa pakauntala anafufuza m'mashelefu, n'kuyang'ana pakompyuta, n'kundiuza kuti palibe chabwera. A kwa GP aimitsa kaye, akufuna andione. Akuti anali atanditumizira mauthenga awiri pafoni. Inde ndinawaona, koma ndinkaganiza kuti ndi moni.

Kupeza malo kwa GP ndi nkhondo ina. Umaimba foni chipatala chikangotsegula, n'kumva mawu a mayi wa m'makina akukuuza kuti pali anthu angapo patsogolo pako, kenako kanyimbo kamodzimodzi mpaka tiyi kuzizira. Tsiku lachitatu ndinapambana. Mkazi wanga anasinthana shifiti ndi mnzake kuti andiperekeze. Ndinamuuza kuti asavutike. Anati zoterezi sangaphonye.

Anatilandira nesi wachitsikana, wamtali, waulemu kwambiri. Anatembenuza kompyuta, n'kundiyang'ana ndi maso achisoni ngati a munthu wodzapepesa maliro.

"Bambo, pepani kwambiri kuti sitinakuitaneni msanga. Zaka ziwiri mukuvutika ndi kudzimbidwa, osadandaula?"

Ndinatsokomola. Mkazi wanga anali akuyang'ana kudenga.

"Mumapita kangati pa sabata?"

Ndinati zimasinthasintha. Anafunsa ngati pamakhala magazi, ngati ndikuonda, ngati ndimadya masamba. Funso lililonse ndinkaliyankha mozungulira, ndipo nesiyo ankalemba mwachangu, nkhope ikunka ikugwa. Kenako anaika bolopeni pansi.

"Pa msinkhu wanuwu sitingazisiye chonchi. Ndilankhula ndi adokotala kuti akutumizeni kuchipatala chachikulu akakuoneni m'matumbo ndi kamera."

"Kamerayo imalowera pati?"

Anandiuza. Anandionetsanso ndi manja kutalika kwa chingwe chake.

Pamenepo ndinalapa. Ndinaulula zonse, za mabokosi, za sutikesi, za mafuta opaka pachilonda chimene chinapola kalekale. Ndinati m'mimba mwanga mulibe mlandu uliwonse, mumagwira ntchito m'mawa uliwonse nthawi yake, kuposa mabasi a mumzinda uno. Mkazi wanga anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, misozi ikutsika. Nesiyo anayesetsa kuuma nkhope koma makutu ake anafiira.

Atapuma anati, "Chabwino, tifufuta atatuwo. Tiyeni tione BP."

Anandimanga lamba pamkono, makina n'kuyamba kufinya. Anayang'ana manambala, n'kundiuza kuti ndipume pang'ono tiyesenso. Anayesanso kachiwiri, kachitatu. Kenako anafunsa ngati mapiritsi a BP ndimamwa tsiku lililonse.

Popeza ndinali nditayamba kale kulapa, ndinangopitiriza. Ndinati ndimamwa tsiku limene mutu ukundipweteka, kapena ndikakwiya kumsonkhano wa akulu ampingo. Masiku ena onse ndimamva bwino, ndiye ndimawasunga.

Kuseka kwa mkazi wanga kunathera pomwepo. M'sutikesi muja maso ake anali pa masacheti okha, sanaganize zotsegula timabokosi ta BP. Nesiyo anandifotokozera mofatsa kuti BP sigogoda pakhomo, munthu umangodzuka tsiku lina mkono sukuyenda. Anthu otere mkazi wanga amawasambitsa ndi kuwadyetsa tsiku ndi tsiku kuntchito kwake.

Pobwerera tinakwera basi, n'kudutsa mlatho wa pangalande. Kenako mkazi wanga anati, osandiyang'ana, "Ine matewera ndimasintha kuntchito. Kunyumba ayi. Mwamva?" Ndinati ndamva.

Madzulo ake tinanyamula majumbo atatu kupita nawo ku famase. Ndinafunsa mtsikana uja ngati angawapatse odwala ena, kapena ngati ndingawatumize kumudzi kumene anthu akuwasowa. Anati ayi, mankhwala akangotuluka pakhomo lawo sabwereranso pashelefu, onse amakawotchedwa. Mabokosi osatsegula n'komwe! Kunena zoona, mawu amenewo anandipweteka kuposa bondo. Ndinaima pamenepo ndikuona majumbo anga akulowa kuseri, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinachita manyazi enieni, chifukwa wowotchetsa mankhwalawo ndinali ine.

Kuyambira tsiku limenelo piritsi ndimamwa m'mawa uliwonse, mkazi wanga ataima potero ndi kapu ya madzi ngati wapolisi. Masabata oyamba ankandiuza kuti nditsegule pakamwa aone pansi pa lilime.

Nkhaniyo ndinamupempha kuti ikhale ya m'nyumba. Anavomera, n'kungouza mayi wobwereka sutikesi uja yekha, poti anafunika kudziwa chifukwa chake sutikesi inachedwa. Lamlungu lotsatira nditaima kutsogolo kuwerenga zolengeza, ndinaona amayi a mzere wachitatu akugwirana maondo. Titaweruka, tikumwa tiyi m'holo, mkulu wa mpingo mnzanga, bambo wachikulire amene sindinamuonepo akuseka, anandikokera pakona pafupi ndi popachika majekete. Ndinadziwa kuti chidzudzulo chafika, ndipo ndinakonzeka kuchilandira.

Anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona, "Achimwene, aja a ufa aja, simunatsaleko ndi angapo? Lero ndi tsiku lachinayi ndisanadzithandize."

Ndinamuuza kuti onse anapita kukawotchedwa, akaimbe foni kwa GP wake mawa m'mawa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupukusa mutu, n'kubwerera kukatenga tiyi wake akuyenda pang'onopang'ono.