Nkhope ya a Ulere mu foda ya mdzukulu

Aliyense amene anapangitsapo fotokope pakashopu kopanikizika pakati pa saluni ndi mosokera nsapato amawadziwa a Ulere. Dzinali si lapaubatizo ayi, analipata chifukwa cha ulaliki. Munthu amabwera ndi kapepala kamodzi kuti ajambulitse azipita, koma amatuluka atamva kuti kompyuta ya m'shopumo imayendera Linakisi, dongosolo laulere limene aliyense angalitsegule m'mimba n'kuona matumbo ake, osati zinazi zimene makampani amavundikira ngati mphika wa mayi womana. Ukawatchula a Ulere iwo akumva, amatupa. "Si ulere, ndi ufulu," amatero, uku akumenya makina a fotokope m'nthiti kuti alavule pepala.

Ufuluwo anaupezadi, wodzaza manja. Mayi a kunyumba anachoka kalekale, atatopa ndi mwamuna amene sankalola ngakhale wailesi kusinthidwa siteshoni asanavomereze. Ananyamula mwana mmodzi yekhayo, mtsikana. Mtsikanayo anakula, anakhala namwino kutali, anakwatiwa, ndipo ku ukwati a Ulere sanapondeko chifukwa pakhadi dzina lawo linali pansi pa la mayi ake. Kuyambira pamenepo foni inangoti zii mbali zonse. Iwo anatsala ndi kachipinda ka kuseri kwa shopu, bedi, ketulo, ndi mulu wa makiyibodi akufa amene amati adzawakonza akadzapeza mpata.

Amene analumikiza chingwe chodukacho ndi achemwali awo, eni saluni ija, mayi amene pakamwa pake sipazima ngati chowumitsira tsitsi chawo. Mdzukulu atabadwa, anamuimbira namwino uja mosalekeza mpaka mtima wake unafewa. Tsiku lina masana foni ya a Ulere inalira, ndipo ataona nambala anatsala pang'ono kuigwetsera m'ndowa ya mapepala owonongeka.

"Bambo, ndine."

"Mawu ndawamva."

"Azakhali akuti mukufuna kumuona mwana. Zithunzi zake zonse ndimasunga pa intaneti, kuja amati kumtambo. Za ukwati zilinso momwemo. Ndikutumizirani mawu achinsinsi, muzitsegula n'kumaona. Kuona kokha, bambo. Musagwire china."

"Ine kompyuta ndinaiyamba iwe usanamere mano."

"N'chifukwa chake ndikunena."

Anatsegula tsiku lomwelo. Kamnyamata konenepa, makutu otambasuka ngati awo omwe, kakugona, kakulira, kakuluma chala cha bambo ake. Anaonanso mwana wawo atavala zoyera pa ukwati umene anaukana. Kasitomala wina anawapeza akupukuta m'maso, iwo anati ndi fumbi la inki. Kunena zoona, akanalekera pomwepo bwenzi lero akutchedwa agogo pafoni, pakuti namwino anali atayamba kale kunena zodzabwera ndi mwanayo patchuthi.

Koma nyani sasiya kukanda. Pasanathe masiku, a Ulere anayamba kunena kuti chinthu chokhala kumtambo si chako, kumtamboko ndi makompyuta a anthu ena basi. Iwo amafuna mdzukulu akhale m'kompyuta yawo, m'shopu yawo, ndipo chithunzi chatsopano chikaikidwa uko chizitsika chokha kuno. Vuto linali loti kampani yosunga zithunzizo inapangira pulogalamu makompyuta ena onse, kupatula a Linakisi. Anayenera kusankha pakati pa mapulogalamu opangidwa ndi anthu ongodzipereka.

Apa ndiye panali ntchito. Mkazi anamusankha msanga kuposa mmene anasankhira pulogalamuyi. Yoyamba inali yopanda mabatani, yongolembera malamulo pasikirini yakuda. Anaiyamikira kuti ndi ya amuna enieni, koma atalemba lamulo limodzi molakwika kangapo anati maso awo akuwawa. Yachiwiri inkangoonetsa zithunzi ngati zili m'kompyuta, chikhalirecho zili kumtambo komweko, intaneti ikaduka n'kuzimiririka. Imeneyo anaitcha mkazi wobwereka. Yachitatu inali ndi mabatani obiriwira, ndipo ntchito yake inali kufananitsa mbali ziwiri, za kumtambo ndi za m'kompyuta, zikhale ngati mapasa.

Makasitomala amaima pakhomo ndi mapepala awo mpaka miyendo kuwawa, ena n'kupita kwina. Wosoka nsapato anayamba kufunsa m'mawa uliwonse, "Kodi chinkhoswe chachitika, aneba, kapena mukadali kufunsira?"

Tsiku limene anagwa m'chikondi ndi yachitatu ija, achemwali awo analowa kudzabwereka chingwe cha magetsi, m'manja muli chipeso. Anawapeza atapanga foda yatsopano yosungiramo zithunzi m'kompyuta n'kuitcha dzina loti Mdzukulu. Munalibe kanthu, kupatula kachithunzi kawo ka pachiphaso kamene anaponyamo kuti ayesere, kaja anatulutsa maso ngati wagwidwa ndi katundu wakuba.

"Achimwene, mwana uja anati muzingoona."

"Ndikuona kumene. Ndikufuna kuona bwino."

"Nanga ichi chikufunsa chiyani?"

Pasikirini panali funso. Poyamba kufananitsa, pulogalamuyo imafuna kudziwa mbali yolamula: kompyuta itsatire zimene zili kumtambo, kapena kumtambo kutsatire zimene zili m'kompyuta. Pansi pake panali timawu tating'ono tofiira. A Ulere timawu tating'ono sawerenga, amati n'ta anthu oyamba kumene.

"Ikufunsa kuti mutu ndani," anatero.

"Ndiye muimbireni mwiniwake mumufunse."

"Ndifunse mwana? M'shopu mwanga? Achemwali, inu dziwani za tsitsi. Kompyuta iyi ndi yanga, ndinaimanga ndekha. Singamalamulidwe ndi foda ya mwana amene ndinamusintha matewera."

"Matewera ake ati? Inu munkathawira kuseri mwana akangodzionongera."

Anadina. Achemwali anatenga chingwe chawo n'kutuluka akupukusa mutu. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda, ndipo a Ulere anapinda manja pachifuwa, mtima uli mbee, kuona mayina a zithunzi akuthamanga pasikirini limodzi pambuyo pa linzake. Iwo ankati zikutsika. Anapita kukathandiza mayi wina amene amafuna kumatitsa satifiketi mu pulasitiki, n'kumulalikirako pang'ono za ufulu.

Atabwerera, pulogalamu inali italemba kuti zonse zafanana. Anatsegula foda ya Mdzukulu. Munali nkhope yawo yokha. Anatsegula kumtambo. Munalinso nkhope yawo yokha, maso ali tong'o. Pulogalamu sinalakwe kanthu. Inauzidwa kuti mutu ndi kompyuta, ndipo inachotsa kumtambo chilichonse chimene mutuwo unalibe.

Anazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, ngati kuti zithunzi zabisala kuseri kwa sikirini. Anakhala pampando. Anaimirira. Foni inalira asanaganize bodza loti anene.

Namwino sanakalipe, ndipo chimenecho ndicho chinapweteka. Anali ndi apongozi ake aakazi amene anabwera kudzaona mwana, ndipo anatsegula foni kuti awaonetse zithunzi za tsiku lobadwa.

"Apongozi anga akufunsa kuti bambo awa ndani," anatero. "Ndiwayankhe chiyani?"

"Mwanangu, ndi pulogalamu. Ndimangoyesa."

"Ndinakupemphani chinthu chimodzi."

"Ndikonza. Ndipatse nthawi pang'ono, pali lamulo lina loti ndilembe..."

"Ayi, bambo. Chotsani manja."

Foni inaduka. A Ulere anatseka shopu dzuwa likadali pamutu, chinthu chimene sanachitepo ngakhale tsiku limene mkazi wawo anachoka. Saluni yonse inali itamva kale, pakuti khoma lake ndi la thabwa, ndipo amayi okhala pansi pa zowumitsira tsitsi anaitafuna nkhaniyo mpaka inatha madzi.

Zithunzi sizinatayike. Mkamwini, munthu wofatsa amene a Ulere sanamupatsepo moni, anazipeza m'malo otayira zinthu a kumtambo komweko n'kuzibweza zonse. Uthengawo unadzera kwa azakhali. Atamva, a Ulere anapumira m'mwamba, anathamangira pakompyuta, analemba mawu achinsinsi aja. Anakanidwa. Analembanso pang'onopang'ono ndi chala chimodzi, ngati wophunzira. Anakanidwanso. Za tchuthi sizinatchulidwenso, ndipo iwo akaimba foni imangolira mpaka kutopa.

Masiku ano ulaliki unachepa. Munthu amatha kupangitsa fotokope n'kutuluka osamva liwu lililonse la ufulu, ndipo ena akuti m'shopumo simukomanso. Kompyuta ikadali ya Linakisi. Akafunsidwa ndi ana a sukulu kuti pulogalamu yabwino yofananitsira mafayilo ndi iti, amayankha mwachidule kuti zonse n'zabwino, kenako amafunsa ngati pepalalo alijambule mbali zonse.

Namwino amatumizabe chithunzi apo ndi apo, koma kwa azakhali ake. Chikafika, achemwali amasiya mutu wa munthu uli ndi mankhwala, amapukuta manja paepuloni, n'kuima pakhomo la shopu.

"Achimwene, bwerani mudzaone. Wayamba kuima."

A Ulere amavala magalasi n'kuyandikira. Dzanja limanyamuka lokha kuti lilandire foni.

"Manja kumbuyo," amatero achemwali. "Ndinalonjeza."

Ndipo bambo wamkulu, wa imvi m'ndevu, amaika manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu pamzere, n'kuweramira foni ili m'dzanja la mwini, kuyang'ana mpaka sikirini itazima yokha.