Bodza la Mayi Kaliati

Munda wanga uli kuseri kwa sukulu ya pulayimale kufupi ndi Golomoti, ndipo mawindo a Sitandade 7 alibe magalasi. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuwamva Mayi Monica Kaliati akuphunzitsa, ine ndili pakhasu.

Anabadwira ku Mtakataka, bambo awo ankasoka mphasa. Ndi mayi wamfupi, wosakweza mawu. Tsiku lililonse amanena bodza limodzi m'phunziro, mwadala, kuti ana aligwire okha. Tsiku lina anati mpunga umakonda nthaka youma. Ana onse anavomera pamodzi, "Inde, madamu."

"Inde? Makolo anu amaoka mpunga pati? Mwadziwa bwanji kuti ndanena zoona?"

Funso limeneli ana anapita nalo kunyumba. Chaka chatha a Jeremiah, apampando a komiti ya sukulu, anauza mdzukulu wawo kuti mtsikana wodya mazira sadzabereka. Mwanayo, ali chogwada, anafunsa, "Agogo, mwadziwa bwanji?" A Jeremiah anaitanitsa msonkhano wa makolo kuti apemphe aphunzitsiwo asamutsidwe.

Tinakhala pabwalo la sukulu. Mayi Kaliati anali kumapeto, manja ali pamiyendo. Nyumba anamanga konkuno, amuna awo anagona m'manda athu. Kusamuka kunali kusiya zonsezo.

"Mphunzitsi wonama sitikumufuna," anatero a Jeremiah. "Makolo tonse tagwirizana."

Kenaka Getrude, wogulitsa tomato pamsika, amene anaphunzitsidwa ndi mayi omwewa, anawomba m'manja mwaulemu.

"Pepani amalume. Mwadziwa bwanji kuti tonse tagwirizana? Ine simunandifunse."

"Iwenso? Matenda ake ndi omwewa."

"Ndi omwewo, amalume. Ingotifunsani."

Anthu anaseka. A Jeremiah si munthu woipa. Chinawapweteka n'choti mwana anawafunsa alendo akumva. Anayang'ana pansi, kenaka anafunsadi. Manja ofuna kuti mayiyo achoke anali ochepa, ndipo ena anatsika ataona kuti anzawo sakukweza.

Pobwerera ndinayenda limodzi ndi a Jeremiah. Titafika pamjigo iwo anati, "Mwanayo mazirawo azidya. Koma azigwadabe."

Lolemba lotsatira ndinali m'munda. Ndinamva Mayi Kaliati akuti dzuwa limatulukira kumapiri a Dedza, komwe ife timaliona likulowa. Ndinasiya khasu n'kusuzumira. Mdzukulu wa a Jeremiah anali atakweza kale mkono.