Chipolopolo Chachisanu ndi Chiwiri

Bambo anga anafuna kundiuza nkhani ya mumtima mwawo kamodzi kokha, ndipo ine ndinawauza kuti adikire filimu ithe. Zaka zapita, koma chinthuchi chimandidyabe.

Ndinali nditangoyamba kumene uphunzitsi ku Chiuaula. M'kanyumba kanga ka zipinda ziwiri, televizawu inalowa mipando isanakwane n'komwe. Lamulungu masana, tikaweruka ku tchalitchi, ankaonetsa mafilimu akale a apolisi ofufuza milandu, azungu a majasi aatali olankhula Chipwitikizi chosagwirizana ndi milomo yawo. Ndinkawakonda kwabasi. Sabata iliyonse wina ankaphedwa, wapolisi n'kusakasaka, kumapeto n'kulira mfuti. Chigawenga chikaomberedwa chinkagwira pachifuwa n'kugwa mwaulemu ngati chikuopa kudetsa malaya. Ine m'manja pha pha pha.

Chaka chimenecho bambo anatupa miyendo. Anasiyira amayi munda wa mbatatesi ndi nyemba, n'kubwera kudzakhala kwa ine kuti chipatala chikhale pafupi. Inali nyengo yozizira, ija madzi a mu ndowa amaluma zala, ndiye ankakhala pakona atadzifunditsa bulangeti, maso pa televizawu chifukwa kunalibe kwina koyang'ana. Anali munthu wa mawu ochepa. Pakamwa posatsekeka ndinatengera kuchikazi.

Mfuti ikangoyamba kulira, bambo ankawerenga. Ankawerenga motsitsa, m'Chipwitikizi monga tonse kuno timachitira, chala chikugogoda bondo.

"Kwaturu. Sinku. Seyishi. Yatha imeneyo."

Kwa iwo mfuti inkathera pa seyishi, chipolopolo chachisanu ndi chimodzi. Koma mfuti za m'filimu sizitha. Wapolisi ankaomba kachisanu ndi chiwiri, nthawi zina mpaka kakhumi. Pamenepo bambo ankafufuza ndodo yawo n'kutuluka, ati kukaothera dzuwa.

Ine ndinkaseka mpaka misozi. "Ababa, mwalakwitsanso masamu! Mukanakhala m'kalasi mwanga mukanabwereza chaka." Azimayi oyandikana nawo amene ankabwera kudzaonera anatengera pomwepo. Zinasanduka masewera athu. Bambo akati seyishi, tonse tinkadikira, ndipo mfuti ikalira kachisanu ndi chiwiri tinkakuwa pamodzi, "Seti!" Iwo ankamwetulira pang'ono potuluka. Ndinkayesa kuti nawonso zikuwasangalatsa, ndipo ndinkadzitama kuti ndikudziwa kusangalatsa wodwala.

Lamulungu lina anzanga aja anapita ku ukwati ku Lulimile, tinatsala awiri. Filimu ili pafupi kutha, mfuti inalira kupitirira pa seyishi monga mwa masiku onse, koma bambo sanatuluke. Anati, "Mama, tachepetsa pang'ono phokosolo. Pali nkhani ya bambo ako aang'ono."

Bambo aang'onowo anali mng'ono wawo, amene anamwalira nthawi ya nkhondo ine ndisanabadwe. Ndinkadziwa zokhazo. Kwathu dzina lawo silinkatchulidwa, ndipo ine sindinafunsepo chifukwa.

"Dikirani kaye, Ababa," ndinatero, osacheuka n'komwe. "Yatsala pang'ono. Akufuna kumugwira."

"Chabwino, mama."

Anamugwiradi. Nyimbo yotsekera italira ndinazimitsa n'kufunsa kuti amati chiyani. Anali atatseka maso. "Ayi, si kanthu. Tanditenthetsera madzi a miyendoyi." Ndinapita kukakoleza makala, mtima uli mbee, ndikuganiza kuti nkhani siwola. Mwezi wotsatira anabwerera kumudzi, ndipo mvula isanagwe tinawaika m'manda.

Patapita masiku angapo chichitikire maliro, ine ndi amayi tinali pakhonde m'mawa tikusankha nyemba. Pofuna kuwasekesa, ndinawafotokozera za masamu a bambo, mpaka kuyerekeza mawu awo: "Seyishi. Yatha imeneyo." Amayi anaika lichero pansi.

"Iwe, unkawaseka?"

"Tinkangocheza, Amayi."

Kenaka anandiuza. Tsiku lina m'nthawi ya nkhondo, bambo ndi mng'ono wawo ankapalira chimanga pamene anthu a mfuti anafika m'midzi ya kwathu. Awiriwo anagona chafufumimba pakati pa mizere. Munthu mmodzi anaima m'mphepete mwa munda n'kumaombera m'chimangamo ndi pisitola, pang'onopang'ono, kuti wobisala adzuke. Bambo anali atamva kwa anthu kuti pisitola imanyamula zipolopolo zisanu ndi chimodzi. Anawerenga. Itakwana seyishi ananong'oneza mng'ono wawo kuti, "Yatha, dzuka tithawe." Mng'onoyo, pokhala womvera mkulu wake, anayamba ndiye kudzuka.

"Chachisanu ndi chiwiri chinamupeza apa," anatero amayi akuloza pakhosi. "Sanafe msanga. Abambo ako anagona pomwepo atamutseka pakamwa kuti asaitane amake, mpaka anthu aja atapita."

Ndinakumbukira mawu athu m'kanyumba kaja, azimayi anayi athunthu tikukuwa seti, ndi msana wa bambo ukutuluka pakhomo. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire.

"Sanakuuze?" anafunsa amayi. "Pochoka pano anati akakuuza iweyo, poti ndiwe wasukulu, ulembe penapake kuti zisatayike."

"Sanapeze mpata," ndinayankha.

Ndinawanamiza amayi anga maliro asanazizire. Mpata anaupeza, ine ndinaupereka kwa mzungu wa jasi amene mapeto a nkhani yake ndinkawadziwa kale. Safunsa anadya phula. Miyezi iwiri yathunthu munthu ankawerenga zipolopolo pamaso panga, ine mphunzitsi osafunsa kuti anaphunzira kuti.

Mafilimu aja sindidana nawo. Sanandinamize okha, ndinkafuna ndine kuti imfa ikhale yaukhondo, ithe nthawi yophika isanakwane. Koma sindithanso kuwaonera. Zomwe ndalemba panozi ndi za amayi, zomva kwa wina. Momwe bambo akanazinenera okha, zomwe ankafuna kuti ndiwayankhe, kaya kungowagwira dzanja n'kuwauza kuti sanaphe ndi iwo, zimenezo zinapita nawo.

Ndikuphunzitsabe ana a kalasi yoyamba, ndipo chaka chilichonse timafika pa kuwerenga. Ndimaloza pabolodi ndi kamtengo, ana n'kumaimba pamodzi mokondwa: kwaturu, sinku, seyishi. Pamenepo dzanja langa limaima. Ana amayesa kuti ndikuwayesa nzeru, ndiye amakuwa okha ndi mphamvu zawo zonse, "Seti!"