Magalasi a ku Joni Amene Anadulidwa Pakati

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene a Longwe anabwera kuchokera ku Joni ndi wailesi ya kanema, m'dziko lomwe panthawiyo linalibe ngakhale nyumba youlutsira zithunzi. Ankangoonetsa makaseti a vidiyo, moto akutenga ku batire ya galimoto, koma kwathu ku Lupaso konse, ku Mzuzu, anthu ankawagwadira ngati abweretsa mvula. Ine ndinkanyansidwa nawo. Anali munthu wa nsapato zosongoka ndi mafuta onunkhira oboola mphuno, ndipo sankamaliza mawu atatu osatchula Joni.

Choipa kwambiri chinali chakuti ankafuna kukwatira mkulu wanga Tamara, yemwe anali Fomu 3. Ananeneratu kuti mkazi wawo sangakhale pa desiki ngati kamwana. Bambo athu, omwe anali kalaliki, ankakonda sukulu, koma azakhali a ku Nkhata Bay anawakhalira pakhosi, amvekere mwamuna wa katundu sadikira mayeso. Bambo anayamba kugwedezeka, ndipo Tamara anasiya kudya.

Loweruka lina masana a Longwe anaitana banja lonse kuti tikaone kanema wa mtundu wina, woti zinthu zimatuluka m'bokosi n'kukupeza pamene wakhala. Tinapeza atatchinga mawindo ndi mabulangete, m'nyumba muli fungo la thukuta ndi asidi wa batire. Atayatsa, chithunzi chinaoneka pawiripawiri, china chofiirira, china chabuluu, ngati mmene amaonera munthu woledzera. Apa anatulutsa magalasi a pepala lolimba, diso limodzi lofiira, lina labuluu.

Magalasiwo anali ochepa, akuluakulu ali ambiri. Kwathu sungapatse amalume chinthu azakhali akuyang'ana, nkhani ya ukwati ingathere pomwepo. Tsono katswiri wathu wa ku Joni anatenga lumo la telala n'kudula magalasi onse pakati, chigamba chofiira kwa abambo, chabuluu kwa amayi. Anagawa akumwetulira, ngati munthu wanzeru amene wapulumutsa mtundu.

Kanemayu mmene amagwirira ntchito, mwana wa pulayimale akhoza kumva. Pagalasi la wailesi pamabwera zithunzi ziwiri nthawi imodzi, china chojambulidwa chakumanzere pang'ono, china chakumanja. Pepala lofiira limalola chimodzi n'kutsekereza chinzake, labuluu chimodzimodzi, kotero diso lililonse limalandira chithunzi chake, ndipo mutu ndiwo umaziphatikiza mpaka uone kuti ichi chili pafupi, icho chili kutali. Kungoti mapepala amtunduwo amadya kuwala. Ngakhale magalasi ali athunthu, chithunzi chimada ngati nkhungu ya ku Kaning'ina m'mwezi wa Juni. Nanji ukatsala ndi chigamba chimodzi, diso lina utatsinzina, umangokhala ndi mdimawo popanda phindu lake.

Choncho anthu aulemu wawo anakhala pamipando, aliyense chigamba pa diso, khosi atalisolola, akudikira chozizwitsa. A Longwe anapotoza kabatani kowonjezera kuwala mpaka kumapeto, chithunzi chinangotuwa, ndipo batire inayamba kufooka.

“Yewo chomene, ada,” anatero azakhali mwaulemu, “kweni ine palije icho nkhuwona. Kuli bii.” Ankatanthauza kuti sakuona chilichonse, koma mdima wokhawokha.

“Maso anu sanazolowere, mama,” anayankha a Longwe. “Ku Joni ngakhale ana amaona.”

Tamara anadzuka pamphasa. Anatenga chigamba chabuluu kwa amayi, n'kuchigwirizira pa diso lakumanja la bambo, chofiira chili kumanzere, ndipo anawauza kuti atsegule maso onse awiri. Sipanapite nthawi, bambo anadzigwetsera chagada, mpando kulira, chifukwa munthu wa m'kanemayo anali atawaloza ndi ndodo yomwe inkaoneka ngati iwabaya pamphuno. Tinaseka tonse, ngakhale azakhali omwe.

A Longwe sanaseke. Anatsomphola zigambazo m'manja mwa Tamara, nkhope itachita tsinya.

“Mwaona sukuluyi? Ikuphunzitsa mtsikana kuwongolera mwamuna pamaso pa anthu. Kwa ine zimenezi zidzatha sabata imodzi.”

Bambo anayang'ana zigamba zili m'manja mwa a Longwe kwa kanthawi, kenaka anavala chipewa chawo. Sanatsanzike bwino, zomwe sizinali khalidwe lawo. Tili m'njira, azakhali anayesa kuyambitsanso nkhani ya katundu, koma bambo anawadula.

“Munthu wodula chinthu chathunthu asanafunse mmene chimagwirira ntchito, ndimupatse mwana wanga? Lolemba Tamara akupita ku sukulu.”

A Longwe sanagulenso magalasi ena, ndipo sanaganizeko zomata aja anadulawo. Anapitiriza kuonetsa kanema wawo wa diso limodzi kwa aliyense wofuna, akunyoza maso a anthu a ku Mzuzu, mpaka wailesiyo inapsa.

Masiku amenewo ndinkayesa kuti mlandu wawo unali umbuli. Lero ndikudziwa kuti umbuli si mlandu, popeza tonse m'nyumba muja, kupatula Tamara, sitinkadziwa kanthu. Chimene sindinawakhululukire mpaka pano n'chakuti ataonetsedwa choonadi ndi mtsikana, anakonda kukhala mumdima kusiyana n'kunena kuti zikomo, ndipo mumdima momwemo ndi mmene ankafuna kusungira mkulu wanga moyo wake wonse.