Msana wa Agogo

Ndinadzuka kusanache, nyimbo za m'siwa zitangozilala. Kunali chiperoni, phiri silinkaoneka. Amayi ndinawapeza okha pakhonde, ali maso. Dzulo lake amalume, achimwene awo, anali atalumbira kuti akanena pagulu kuti amayi anawataya agogo kuchipatala, m'malo mowabweza kuti adzatsirizikire m'nyumba mwawo.

Agogo, amene anabala amayi ndi amalumewo, anagonekedwa ku Boma chimanga chili chachiwisi, atafa ziwalo mbali imodzi. Anamwalira kutayamba kuzizira. Nthawi yonseyo amayi ndiwo ankawadikirira, kugona pansi pambali pa bedi. Ine ndinkapita Loweruka ndi ufa ndi nkhuni. Anamwino anatiphunzitsa kuwatembenuza pafupipafupi, kuwapukuta ndi kuwadzoza mafuta. Mmodzi ankawalankhula Chilomwe, poti Chichewa chinali chitawathawa, ndipo agogo ankamwetulira mbali imodzi yotsalayo.

Kutacha moto unayaka kuseri, utsi wa nkhuni zonyowa uli tolotolo. Anthu anayamba kufika, ena wapansi kuchokera ku Likhubula, ena anzawo akale a agogo othyola nawo tiyi, atafunda mapepala apulasitiki kumutu.

Ine anandituma kupereka madzi pakhomo kwa amayi osambitsa maliro. Patapita nthawi wamkulu wawo anatuluka akupukuta manja, nafunsa kuti ankawadwazika agogo ndani. Amalume anali chapafupi. Amayi anayankha chapansipansi kuti ndi iwo.

"Ndasambitsa okalamba ambiri ogona miyezi chonchi," anatero mayiyo. "Msana umakhala zilonda zokhazokha. Koma awa, ngati wa khanda. Manja amenewo muwasunge, mudzasambitse ine."

Ena anaseka pang'ono. Amalume anangoyang'ana pansi.

Kumanda tinapita mvula ikuwaza, njira ikuterera, adzukulu akusinthana bokosi. Amalume ataima kuti alankhule, ndinagwira chitenje cha amayi. Anathokoza ampingo, a mudzi ndi anamwino amene sanawadziwe mayina. Kenaka anatembenukira kwa amayi.

"Achemwali," anatero, "ine ndinkangofika ndi kubwerera. Inu munakhala. Zikomo."

Madzulo anthu atabalalika, m'nyumba munatsala fungo la utsi ndi mphasa zoyala. Amayi anagona dzuwa lisanalowe, chakumanzere, osasuntha konse. Manja anga anafuna kuwatembenuza monga anazolowerera. Ndinangowafunditsa bulangete la agogo, n'kuwasiya agone mbali yomweyo.